Sisitema ikagwa, woyenda ulendo ndani?

Chaka chatha, titangomaliza kukumba mbatatesi, ndinaperekeza azakhali anga ku ofesi ina ya boma kukatenga chitupa chatsopano, chimene kuno tonse timangochitcha BI, chifukwa chakale chinali chitasweka pakati ndipo kubanki anali atayamba kuchikana. Tinadzuka nkhuku zisanatsike, tinayenda wapansi mpaka pamsewu, tinakwera shapa, ndipo pofika tinapeza mzere utakhota kale mpaka kuseri kwa nyumbayo. Dzuwa lili paliwombo, mlembi anatuluka n'kunena mawu awiri amene munthu aliyense wa m'chigawo cha Tete amawadziwa, ngakhale amene sanapondeko m'kalasi: sisitema palibe. Panalibe wofunsa kuti yapita kuti kapena ibwerako liti. Anthu anangonyamula timatumba tawo ta mapepala, ena kukapempha pogona kwa abale, ena kubwerera kumudzi. Ulendo wachiwiri sisitema inalipo, koma magetsi anathima tisanafike pakhomo. Ulendo wachitatu zonse zinalipo, ndipo m'pamene tinakumana ndi vuto lenileni: dzina la bambo awo linalembedwa ndi u pa sedula yakubadwa, pamene pa chitupa chakale linalembedwa ndi w, ndipo makinawo anaona anthu awiri pomwe tonse m'chipindamo tinkaona munthu mmodzi. Mlembiyo, amene sindimuimba mlandu, anayankhula mwaulemu kuti, "Amayi, ine ndikuona kuti ndinu nomwe, koma makinawa sandilola kusintha chilembo, zimenezi zimakonzedwa kumtunda." Azakhali anandiyang'ana n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Kodi mwanawe, kumtundako n'kuti, kuti tipiteko?"

Funso lawolo ndi limene landilembetsa ndemanga ino. Boma la Mozambique lakhala likulowetsa ntchito zake m'makompyuta kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mu Januwale 2025 Pulezidenti Daniel Chapo anakhazikitsa unduna woona za mauthenga ndi kusintha ntchito kuti ziziyenda pa makina, n'kuupereka kwa a Américo Muchanga. Mu 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 150 miliyoni othandizira ntchito yomweyi, kuphatikizapo ya zitupa za nzika. Ndalama zilipo, unduna ulipo, ndipo malankhulidwe a akuluakulu ndi okoma. Koma muyeso umene ine ndimayesera zonsezi ndi umodzi, ndipo ndi wa munthu woyenda pansi: makina akabwera, kodi ulendo umene nzika inkayenda wafupika, kapena makinawo akhala pamthunzi ku likulu pamene nzika ikuyendabe ulendo womwewo, mwinanso katatu? Ndikutsimikiza kuti luso limeneli lingatithandize kwambiri ife a kutali ndi Maputo kuposa wina aliyense, koma pokhapokha ngati pafupi ndi mudzi pali munthu wokhala ndi mphamvu yokonza zimene makina alakwitsa, ndiponso njira yogwirira ntchito tsiku limene makinawo agona.

Ndisanadandaule, ndiyenera kuvomereza zabwino zimene taziona ndi maso, pakuti wokana zimenezi ndi woiwala msanga. Amene ali ndi magetsi m'nyumba amakumbukira masiku ofola ndi pepala la ngongole m'manja. Lero munthu amagula magetsi olipiriratu a Credelec ali pamphasa usiku, nambala n'kubwera pa foni, iye n'kuilowetsa m'mita. Aphunzitsi akale amasimba mmene malipiro ankabwerera m'chikwama cha munthu mmodzi, ndipo chikwamacho chikachedwa panjira, kapena chikapepuka, panalibe wofunsa. Lamulo la kayendetsedwe ka chuma cha boma la 2002 linabala e-SISTAFE, sisitema ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, imene inayamba kugwira ntchito mu 2004, ndipo pang'onopang'ono malipiro anayamba kulowa mu akaunti ya mwini wake. Boma litayamba kufuna kuti wantchito aliyense azionekera chaka ndi chaka kutsimikiza kuti ali moyo, linalengeza kumapeto kwa 2018 kuti linapeza mayina pafupifupi 30,000 a anthu amene ankalandira malipiro koma kuntchito kulibe. Ndalama zimenezo zinali za mankhwala ndi mabuku athu. Pa malire a Zóbuè ndi Cuchamano, mapepala a kasitomu a malole akuluakulu amadutsa pa Janela Única Electrónica, sisitema ya pa kompyuta ya kasitomu, imene inayamba mu 2011, ndipo chimene chalembedwa m'makina n'chovuta kuchibisa m'kabati.

Chimene chinasinthadi moyo wa kumudzi, komabe, sichinachokere mu ofesi ya boma. Ndi ndalama za pa foni: mKesh mu 2011, M-Pesa mu 2013, kenako e-Mola ya Movitel, kampani imene itayamba ntchito mu 2012 inaimika nsanja zake m'madera amene ena ankawadutsa. Kuyambira 2022 munthu angathe kutumiza ndalama kuchokera ku imodzi kupita ku inzake. N'zofunika kudzifunsa chifukwa chake zimenezi zinalowa msanga ngakhale kwa agogo amene sadziwa kulemba dzina lawo. Yankho lili poyera pamsika uliwonse kuyambira ku Ulónguè mpaka ku Furancungo. Sizifuna foni yodula kapena intaneti. Kafoni ka mabatani kakwanira, munthu n'kudinda *150# kapena *898#. Uthenga wotsimikiza umabwera pomwepo, ndipo umakhala umboni m'thumba mwa mwini ndalama. Ndipo koposa zonse pali munthu, ajenti uja wokhala pansi pa ambulera, amene amayankhula Chichewa, amadziwika kwawo, ndipo akalakwitsa nambala mumadziwa kokamupeza mawa. Amalonda anazindikira kuti makina opanda munthu pafupi sagula mtima wa mlimi. Ntchito zambiri za boma zinayambira mbali ina: tsamba la pa intaneti, m'Chipwitikizi cha m'malamulo, lofuna foni yaikulu, imelo ndi mamega, ngati kuti nzika yoyamba kuganiziridwa ndi ya mumzinda wa Maputo.

Tsopano ndibwerere ku chilembo chija cha azakhali, chifukwa pamenepo pali nkhani yaikulu imene olemba mapulogalamu a kutali sangailote. Mayina athu analembedwa ndi manja awiri. Mlembi wa Chipwitikizi, amene kalembedwe kake kanalibe chizolowezi cha k, w ndi y, analemba Muale, Mbeue, Ncoma ndi Camuendo. Mphunzitsi kapena mbusa wa tsidya lina la malire analemba Mwale, Mbewe, Nkhoma ndi Kamwendo. Ngakhale mayina a malo athu akuchitira umboni: timanena kuti Ulongwe, Domwe, Zobwe ndi Kalomwe, koma pa mapu pali Ulónguè, Dómuè, Zóbuè ndi Calómue. Kenako kunabwera nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu a dziko lino pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo maboma a Angónia, Tsangano ndi Mutarara anali m'gulu la amene anakhuthuka kwambiri. Ana anabadwira ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Nsanje, anabatizidwa kumeneko, anayamba sukulu kumeneko, ndipo pobwerera kwawo anapeza kuti mabuku ambiri a kaundula anapsa kapena anatayika. Polembetsa mwatsopano, wina ankangoyerekeza chaka chobadwa powerengera njala kapena dzombe, ndipo mlembi ankaika tsiku limene lamufikira m'mutu. Motero munthu mmodzi ali ndi kalata yaubatizo, satifiketi ya sukulu, sedula ndi khadi lovotera, zonse zoona, koma palibe ziwiri zogwirizana ndendende.

M'masiku a mapepala okhaokha, kusiyana kotereku kunkatha ndi maso a munthu. Mlembi ankayang'ana nkhope, ankafunsa mudzi ndi mfumu, mwina n'kuitanitsa mboni ziwiri, n'kudinda. Kunali chinyengo m'njira imeneyo, sindikukana, koma kunalinso nzeru. Makina alibe nzeru yotere. Amafananitsa chilembo ndi chilembo, ndipo ntchito za boma zikamalumikizidwa, cholakwa chimodzi chimayenda ngati moto wa m'tchire nthawi ya chilimwe. Popanda BI yolongosoka, NUIT, nambala ya msonkho, imavuta. Popanda zimenezi banki sitsegula akaunti. Nambala ya foni imafuna kulembetsa ndi chitupa. Penshoni ya INSS ndi chithandizo cha okalamba cha INAS zimafuna dzina lofanana paliponse. Ngakhale DUAT, kalata ya boma ya munda umene makolo anausiya, imalembedwa m'dzina limene lili pa chitupa. Akatswiri amayamikira kulumikizana kumeneku, ndipo akunena zoona kuti kungachotse chizolowezi chotumiza munthu ku maofesi asanu kukatenga mapepala amene boma lomwelo lili nawo kale. Koma walira mvula walira matope. Pamene zitseko zonse zikutsegulidwa ndi kiyi mmodzi, wotaya kiyiyo amagona panja pa nyumba zonse.

Chodabwitsa n'chakuti ufulu wokonzetsa cholakwa tili nawo kale, ndipo uli m'malamulo aakulu a dziko. Ndime 71 ya malamulo a 2004 imanena za kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta: imaletsa kusunga m'makina zokhudza chipani, chipembedzo ndi moyo wamseri wa munthu wodziwika dzina, ndipo imapatsa aliyense ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kuzikonzetsa. Amene analemba ndime imeneyi anaona patali. Koma ufulu umene khomo lake silidziwika uli ngati nkhokwe yopanda makwerero. Mlembi wa pa boma, amene kale anali ndi cholembera ndi chidindo, lero ali ndi kiyibodi imene mabatani ena anatsekedwa ndi munthu amene sanafikepo kuno. Timamva kawirikawiri za kutsitsa mphamvu kuti zifike m'zigawo ndi m'maboma, ndipo kuyambira 2019 timasankha abwanamkubwa athu. Koma mwakachetechete, kudzera m'mapulogalamu, mphamvu yeniyeni yonena kuti uyu ndi yemweyo yakwera kupita kutali kuposa kale. Kuchoka ku Ulónguè kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, kuchoka ku Zumbo ndi pafupifupi 500, ndipo Maputo ali makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Kwa munthu wa ku Angónia, Lilongwe ali pafupi kuposa likulu la chigawo chake chomwe.

Pali kanthu kenanso kamene ndinakaona tsiku lomwe lija ndili pamzere. Patsogolo pathu panali bambo wina wachikulire, mlimi wa fodya poona manja ake. Anaika chala chachikulu pa kagalasi kowala kaja, makina anakana. Anapukuta chalacho pa buluku, anaikanso, anakana. Mlembi anamuuza kuti apumirepo mpweya, kenako anayesa chala chilichonse mpaka zonse khumi, ndipo bamboyo anayamba kuseka mwamanyazi ngati wapalamula. Mizere ya zala zake inatha ndi mpini wa khasu, ndi kusoka fodya, ndi kuumba njerwa. Manja amene adyetsa dziko ndi omwewo amene makina amalephera kuwawerenga, ndipo izi n'zodziwika kulikonse kumene zidindo za zala zagwiritsidwa ntchito pa anthu olima ndi okalamba. Wogula makina otere ayenera kulemberatu chochita chala chikakana, ndipo mlembi ayenera kukhala ndi chilolezo chochita chimenecho pomwepo, bamboyo asanataye tsiku lina la kumunda.

Za magetsi ndi netiweki sindichulukitsa mawu, chifukwa aliyense akuzidziwa. Chigawo chino ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, la mphamvu ya mamegawati 2,075, limene linabwerera m'manja mwa dziko lino mu 2007, ndipo gawo lalikulu la magetsi ake limayenda makilomita pafupifupi 1,400 kupita ku South Africa, pamene midzi yambiri ya ku Macanga, Chifunde ndi Marávia imatchajitsa mafoni pa kasola ka pa golosale. M'mphepete mwa malire anthu ambiri amasunga makadi awiri, ka kuno ndi ka Airtel kapena TNM, chifukwa pakhomo pamagwira netiweki ya ku Malawi ndipo ya kwathu imapezeka pachulu. Starlink, kampani ya intaneti yodzera pa satelayiti, inaloledwa kugwira ntchito m'dziko lino ndipo inayamba mu 2023. Ingathe kulumikiza ofesi ya posito, dera laling'ono la pansi pa boma, kapena chipatala cha kutali popanda kudikira chingwe, koma mtengo wake si wa mlimi.

Chimene sitikambirana mokwanira ndi tsiku limene zonse zimathima nthawi imodzi, ngakhale taliona kangapo. Mu Novembala 2018 makina a SIMO, olumikiza mabanki ambiri a dziko lino, anaima kwa masiku angapo chifukwa cha kusamvana ndi kampani yakunja imene inali mwini pulogalamuyo, ndipo anthu okhala ndi ndalama zawozawo analephera kuzitapa kapena kulipira ndi khadi. Mu Febuluwale 2022 akuba a pa intaneti analowa m'masamba ambiri a boma n'kuwatseka. Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala 2024, pa zipolowe zotsatira chisankho, intaneti ya pa foni inkadulidwa ndipo masamba a mchezo anatsekedwa. Nkhani zitatuzi n'zosiyana, koma zikuphunzitsa zinthu zoyenderana. Yoyamba ikuonetsa kuti dziko likagula makina osagula ndi nzeru yowayendetsera, kiyi wa nyumba yake amakhala m'thumba la mlendo. Ophunzira a ku Instituto Superior Politécnico de Tete ndi a m'masukulu ena a ukachenjede ayenera kukhala m'gulu la osamalira mapulogalamu amenewa, kuti wokonza asamachokere tsidya la nyanja nthawi zonse. Yachitatu ndi yolemera kwambiri: boma limene likuuza nzika kuti zilipire msonkho, zilembetse mayeso ndi kulandira chithandizo kudzera pa intaneti, ladzimanga lokha kuti lisadzatseke njira imeneyo. Simungauze anthu kuti chitsime ndi chimodzi chokha, kenako n'kuchitchinga ndi minga tsiku limene mwakwiya nawo. Ndipo sitinaiwale kuti mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Madzi amene amadula msewu amagwetsanso mapolo ndi zingwe, pa nthawi yomwe anthu akufunitsitsa boma lawo.

Ndikudziwa chimene ena angandiyankhe, ndipo si chopanda nzeru. Adzati mabatani aja anatsekedwa dala, chifukwa mlembi wa pafupi ndi malire akapatsidwa mphamvu yosintha mayina ndi masiku obadwa, zitupa za dziko lino zidzagulitsidwa ngati tomato, ndipo mizukwa 30,000 ija idzauka. Adzatinso ubwino wonse wa makina ndi wakuti sadziwa mwana wa mfumu, salandira ya fanta, ndipo sachita manyazi ndi mlamu. Mantha amenewa ndi oona. Koma mankhwala ake ali m'makina momwemo, pakuti kompyuta ili ndi khalidwe limene buku la pepala linalibe: siiwala amene anasintha chinthu, tsiku ndi ola, ndi chimene chinalipo poyamba. Ngati mlembi wa pa boma atakonza chilembo, mkulu wake n'kuvomereza, mapepala onse awiri n'kujambulidwa ndi kusungidwa pamodzi ndi mayina a mboni, wofufuza wa ku Tete kapena ku Maputo angaone pa tsiku limodzi ofesi imene ikusintha mayina mopitirira muyeso. Kumanga manja a alembi onse chifukwa cha ochepa osakhulupirika ndi kulanga azakhali anga pa mlandu wa munthu wina. Ndiponso tisadzinamize kuti chinyengo chimathawa makina. Mu 2019 kalembera wa ovota wa m'chigawo cha Gaza, wochitidwa ndi makompyuta ndi zidindo za zala, anatulutsa anthu pafupifupi 300,000 kuposa amene bungwe la boma lowerengera anthu linati ndi a msinkhu wovota kumeneko. Makina amasunga mokhulupirika chilichonse chimene apatsidwa, choona ndi chabodza chomwe.

Kunja kwa maofesi kwabadwanso ntchito yatsopano. Mnyamata wa laputopu ndi makina okopera mapepala ndiye wakhala khomo lenileni la boma: amadzazira anthu mafomu, amawatsegulira imelo, amasunga manambala awo achinsinsi m'kope lake, ndipo amalipiritsa pa chilichonse. Sindimunyoza, chifukwa akutseka dzenje limene ena anasiya, ndipo ambiri mwa anyamatawa ndi okhulupirika. Koma palibe amene anamuphunzitsa, palibe mtengo woikika, ndipo chitupa cha munthu chikagwiritsidwa ntchito molakwika palibe kokadandaula. M'nyumba zambiri zilinso chimodzimodzi: kumene chithandizo cha okalamba chayamba kudzera pa foni, nambala yachinsinsi imadziwika ndi mdzukulu, ndipo agogo amalandira chimene mdzukuluyo wanena kuti chabwera. Ku Rwanda, kumene ntchito zambiri za boma zimapemphedwa pa tsamba la intaneti la Irembo kuyambira 2015, anavomereza kuti anthu otere adzakhalapo, choncho anawasandutsa maajenti odziwika, ndipo tsambalo limayankhulanso Kinyarwanda. Palibe chotiletsa kuchita chimodzimodzi, kuti mnyamata uja akhale ndi chiphaso, mtengo wake ulembedwe pakhoma, ndipo apereke lisiti.

Nkhani ya chiyankhulo imandikhudza mwapadera. Malamulo aakulu amati Chipwitikizi ndicho chiyankhulo cha boma, koma ndime 9 imalonjeza kulemekeza ndi kukweza ziyankhulo za dziko lino. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti anthu amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo cha kubere sakwana mmodzi mwa asanu, ndipo akuluakulu pafupifupi anayi mwa khumi sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Rádio Moçambique imaulutsa kuchokera ku Tete m'Chinyanja, m'Chinyungwe ndi m'Chisena; kalembedwe ka ziyankhulozi kanakonzedwa kuyambira pa msonkhano wa 1988 wa ku yunivesite ya Eduardo Mondlane; masukulu ena amaphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri kuyambira 2003; ngakhale Google inaika Chichewa m'makina ake omasulira mu 2014. Nanga n'chiyani chikuletsa kuti uthenga wonena kuti chitupa chanu chafika, kapena kuti mwana akabayitse katemera, ufike m'chiyankhulo chimene mayi amalota nacho, mwinanso ngati mawu omveka m'khutu kwa amene sawerenga? Masiku ano pakukambidwa kwambiri za nzeru za makina zotchedwa AI, ndipo ngati pali ntchito imene ndingazifunire kuno, ndi iwiri: kumva ndi kuyankha Chichewa cha mlimi, ndi kuzindikira kuti Muale ndi Mwale angakhale munthu mmodzi, n'kupereka nkhaniyo kwa mlembi kuti aweruze. Koma kuzipatsa mphamvu yosankha zokha amene alandire chithandizo ndi amene amanidwe, pogwiritsa ntchito kaundula wodzaza ndi zolakwa zimene ndafotokozazi, kungakhale kuwonjezera chipinda china chapamwamba pa kumtunda kuja kumene azakhali ankafunsa njira yake.

Wina asanene kuti kufika kumudzi ndi makina n'kosatheka, chifukwa timakuona nthawi iliyonse chisankho chikayandikira. Anthu a kalembera amafika pasukulu ya pulayimale ya kutali kwambiri atanyamula kompyuta ya m'chikwama, kamera, kowerengera zala, makina osindikizira ndi sola, ndipo munthu amachokapo khadi lili m'manja tsiku lomwelo. N'chifukwa chake m'midzi yambiri khadi lovotera ndilo chitupa chokhacho chimene anthu ali nacho. Anansi athu a ku Malawi anagwiritsa ntchito njira yofanana mu 2017, ndipo m'miyezi yochepa analemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire zitupa za unzika. Kunonso magulu oyendayenda olemba zitupa ndi masedula amafika nthawi zina, ndipo tsiku limene afika mudzi wonse umasonkhana. Vuto n'lakuti kubwera kwawo kuli ngati kwa mvula ya chizimalupsa, kosadalirika. Akanakhala ndi tsiku lodziwika pa posito iliyonse, lolengezedwa pa wailesi ya m'dera ndi kwa mafumu, atatenga makina otha kulemba popanda netiweki n'kutumiza zolembedwazo akafika pamene ikugwira, ndiponso pakati pawo pali mmodzi wololedwa kukonza dzina pamaso pa mboni, theka la mizere ya pa boma likanatha. Boma limene limatipeza likafuna voti yathu likudziwa njira ya kumudzi kwathu.

Pa ofesi penipeni, zofunika si zodula. Sisitema ikagwa, mlembi alandire mapepala, apereke kalisiti kokhala ndi nambala ndi tsiku, kuti amene anafika lero asadzayambirenso kumchira kwa mzere mawa, ndipo uthenga upite pa foni zinthu zikakonzeka. Mapanga awiri avumbwitsa: lero timafunsidwa kulembetsa pa makina komanso kubweretsa mafotokope odindidwa a mapepala omwewo, kotero kuti mtolo wakale sunatsike pamutu pamene watsopano wasanjikidwa. Ndipo unduna watsopano uja, pofotokoza zimene wachita, usamangotiuza kuchuluka kwa ntchito zimene zaikidwa pa intaneti; utiuze, boma ndi boma, kuti sisitema inagona masiku angati, ndi kuti munthu wopempha kukonza dzina amadikira masabata angati. Lamulo la ufulu wodziwa zinthu la 2014 limatilola kufunsa zimenezi, ndipo makinawo ali nazo kale ziwerengerozo.

Za azakhali, pempho lawo linalembedwa pamanja, linadindidwa, ndipo tinauzidwa kuti lapita. Kapepala kamene anawapatsa anakakulunga m'pulasitiki n'kukasunga m'Baibulo. Mwana wawo anasiya kutumiza ndalama kubanki, tsopano amazitumiza pa foni ya mnansi, amene amakatapa kwa ajenti wa pamsika n'kudzawapatsira pamanja. Mwezi uliwonse ndikapita pa boma ndimadutsira pa ofesi ija kukafunsa, ndipo mlembi uja, amene tsopano timalonjerana ngati achibale, amatembenuzira kompyuta kwa ine kuti ndidzionere ndekha kuti pa dzina la azakhali palembedwabe kuti nkhaniyo ikuunikidwa.